Usatibisire matenda, mwana wanga

Santhe, Kasungu
24 Januwale 2021

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza kuti apongozi anga, akazi ako, awapeza ndi Covid-19, ndiponso kuti unamuletsa kundiuza poopa kuti BP yanga ikwera. Ndikudziwa kuti unachita zimenezi pondikonda, koma usadzabwerezenso. Kholo likamangomva mphekesera, mtima umayamba kukonza maliro pomwe wodwala akumwa phala.

Mantha ako ndikuwamvetsa. Pa 12 mwezi uno tinamva pa wailesi kuti nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zamwalira tsiku limodzi, ndipo a Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Tsopano akuti ngakhale bwalo la mpira la Bingu ku Lilongweko lisanduka chipatala. Kuno anthu akungoti, ngati akuluakulu akugwa chonchi, nanga ife? Komatu ambiri amene agwidwa ndi matendawa amachira, ena osagonekedwa n'komwe. Zimenezo uziwauza amayi a ana ako tsiku lililonse, chifukwa wodwala amayang'ana nkhope ya womudwazika.

Agone m'chipinda chaokha, mazenera akhale otsekula. Ukamalowa vala masiki, ukatuluka samba m'manja ndi sopo. Kufukiza masamba a bulugamu ndi kumwa mandimu ndi jinja sindikukaniza, kukhosi kumapepuka, koma si mankhwala ochiza. Akangoyamba kubanika, kapena kulephera kumaliza mawu chifukwa cha phuma, thamangira nawo kuchipatala, ngakhale pakati pa usiku. Usadikire kuti kuche, ndipo usamvere aliyense wokuuza kuti kupita kuchipatala ndi kuchepa chikhulupiriro. Mulungu amene timamupempha machiritso ndi yemweyo anapatsa madokotala nzeru. Ine ndimapemphera, mapiritsi anga a BP ndimamwanso.

Atsibweni ako amati ana abwere kuno. Ndakana, ngakhale ndikuwasowa kwambiri. Akhala nyumba imodzi ndi wodwala, ndipo mwana atha kunyamula kachilombo osaoneka kudwala. Agogo ako ndi okalamba, sangalimbe. Ana akhale konko, koma uwauze zoona m'mawu oti amve, asamaganize kuti mayi awo awakwiyira.

Dzulo tinakhala pansi monga banja. Atsibweni ako atumiza ufa ndi nyemba pa minibasi, ngakhale uno ndi mwezi woti nkhokwe zapepuka. Bambo ako agulitsa mbuzi, ndalama tikutumizira pa Airtel Money. Usakane ayi. Zaka zonsezi feteleza watigulira ndiwe, fizi ya mng'ono wako walipira ndiwe, ndiye kulandira lero si manyazi. Mutu umodzi susenza denga. Makolo a akazi ako uwaimbirenso lero lomwe. Mwana ndi wawo, ali ndi ufulu wodziwa.

Kutchalitchi tikulowa ochepa masiku ano, motalikirana, koma amayi a Chigwirizano ndawauza, ndipo akukutchulani m'mapemphero. Kuno kwathu tagwirizana kuti 8 koloko usiku uliwonse tizigwada. Nawenso nthawi yomweyo sonkhanitsa ana pakhomo la chipindacho, muimbe nyimbo imene mayi awo amakonda, amve mawu anu. Ngati mawu opempherera akusowa, ingonena kuti watopa ndipo ukuopa. Limenelo ndi pemphero lokwana.

Iwenso uzidya, uzigona. Mawa m'mawa undiimbire, undiuze mmene agonera, zabwino kaya zoipa.

Ndine mayi ako.