Mwana nayenso amaferedwa: zomwe ndaona mu filimu yakale ya ku Korea

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa mpata m'nyuzipepala yathuyi. Ndine mayi wopuma pa ntchito ya uphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo ndikufuna kuuza makolo ndi aphunzitsi anzanga za filimu ina yakale ya ku South Korea yotchedwa Sonagi, imene pa Chingerezi anaitcha The Shower. Achinyamata athu masiku ano sachoka pa mafilimu a ku Korea, a anyamata osalala ndi atsikana a m'maofesi a ku Seoul. Imene ndikunenayi ndi ya mtundu wina. Inajambulidwa mu 1978 n'kuyamba kuonetsedwa mu 1979, ndipo anaitsogolera ndi Ko Young-nam, bambo amene pa moyo wake anapanga mafilimu opitirira 100. Muli ana awiri a ku pulayimale, kamtsinje, minda ya mpunga ndi mvula ya tsiku limodzi.

Amene amaidziwa amati ndi filimu ya chikondi choyamba cha paubwana, chopanda zoipa. N'zoona. Koma chimene chandikhudza ine kwambiri n'chakuti kamnyamata ka m'nkhaniyi kanaferedwa, ndipo panalibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anadziwa kuti mwanayo waferedwa.

Filimuyi inachokera pa nkhani yaifupi imene Hwang Sun-won analemba mu 1952 n'kuisindikiza mu 1953. Zaka zimenezo si zoiwalika kwa anthu a ku Korea, chifukwa nkhondo yawo inabuka mu 1950 n'kuima mu 1953. Hwang anabadwa mu 1915 chakumpoto, kufupi ndi Pyongyang, anasamukira kumwera mu 1946, ndipo nkhondo itafika anathawa ndi banja lake mpaka ku Daegu ndi ku Busan. Ndi yemweyu amene m'zaka zomaliza za ulamuliro wa Japan, umene unatha mu 1945, ankalembabe m'Chikorea n'kumabisa zolembazo, pa nthawi imene kusindikiza m'chinenero chawo kunali kosatheka. Ndiye taganizani, munthu wothawa nkhondo, dziko lake likuyaka, anakhala pansi n'kulemba za ana awiri pa madzi, osatchulamo mfuti ngakhale kamodzi. Anthu ankafa miyandamiyanda, koma imfa imene iye anasankha kuilemba ndi ya kamtsikana kamodzi kofa ndi matenda pakhomo.

Ndifotokoze monga mlembiyo anailembera, popeza filimu inatsata njira yomweyo. M'buku anawo alibe mayina, amangotchedwa mnyamata ndi mtsikana. M'filimu ndi momwe anawapatsa mayina akuti Seok-i ndi Yeon-i. Mtsikanayo wachokera ku Seoul. Ndi chidzukulutudzi cha gogo wina wolemekezeka m'mudzimo, Yun Chosi, wa banja limene kale linali lophunzira ndi lapamwamba. Bizinesi ya bambo ake itagwa mumzinda, anabwerera kumudzi. Tsiku ndi tsiku poweruka kusukulu, mtsikanayo amakhala pa miyala yowolokera pa kamtsinje n'kumaseweretsa madzi. Mnyamatayo, mwana wa mlimi, sangathe n'komwe kunena kuti ndipatseko njira. Amangokhala pa gombe kudikira kuti wina adutse, mtsikanayo asunthe. Tsiku lina mtsikanayo atopa nako kudikira moni wosabwera, atola kamwala koyera m'madzi, am'ponyera mnyamatayo n'kumunena kuti ndi chitsiru, kenako athawira m'mabango. Mnyamatayo atola kamwalako n'kukaika m'thumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzanja lake silichoka m'thumbamo.

Aliyense amene anaphunzitsapo Sitandade 5 akuwadziwa ana amenewa. Mwana wa zaka zimenezo akafuna ubwenzi satha kuupempha. Amagenda, amatsina, amabisa cholembera cha mnzake.

Tsiku limene anayamba kulankhulana ndi lomwelo limene anapita kukayenda kuphiri, kudutsa m'minda. Anagwedeza zidole zoopsezera mbalame mumpunga, mtsikanayo akuseka. Mnyamatayo anazula radishi m'munda, mtsikanayo analuma n'kulavula kuti akuyabwa, ndiye mnyamatayo, amene anakulira kudya zomwezo, nayenso anataya wake kutali kuti asaoneke wachimidzi. Pamenepa ndinamva naye chisoni mwanayu kuposa pena paliponse, chifukwa ndaona ana ambiri akumudzi akukana zakwawo pamaso pa mwana wa m'tauni. Anam'thyolera maluwa akutchire. Mtsikanayo atatereleka n'kuchekeka bondo, mnyamatayo anayamwa magaziwo n'kuthamanga kukatenga utomoni wa paini kuti apakepo. Anakweranso thole kuti aonetse chinthu chimodzi chimene mwana wa ku Seoul sangathe.

Kenako kunachita mdima, mvula n'kugwa mwadzidzidzi. Anathawira pa kansanja kolondera m'munda, koma denga lake linali lothonya. Milomo ya mtsikanayo inayamba kusintha mtundu ndi kuzizidwa. Mnyamatayo anavula malaya ake n'kumufunditsa, anasonkhanitsa mitolo ya mapesi a mapira n'kukonza pobisala, iye n'kukhala panja mvula ikumumenya, mpaka mtsikanayo anachita kumuitana kuti alowe. Mvula itakata anapeza kamtsinje katasefukira, madzi ali psuu ndi dothi, ndipo mnyamatayo anam'bereka kumsana n'kumuwolotsa.

Zonse zimene anachitirana ndi zimenezi basi.

Panapita masiku mtsikanayo osaoneka. Mnyamatayo ankasuzumira m'kalasi la atsikana, osamupeza. Atatulukira anali ataonda, ndipo anati anadwala. Anamuonetsa banga pa juzi yake ya pinki, lofiirira, losachoka ngakhale atachapa. Linali dothi lochokera kumsana kwa mnyamatayo tsiku lowoloka lija. Anam'patsa zipatso za daechu, zimene zili pachibale ndi masau athu, zomwe kwawo anathyola pokonzekera mwambo wokumbukira makolo, ndipo anamuuza kuti nyumba yawo yapita m'manja mwa ena, akusamuka. Akuluakulu ankati banjalo likupita ku tauni ya Yangpyeong kukatsegula kagolosale. Usiku womwewo mnyamatayo anakaba mtedza wa walnut mumtengo wa gogo wina, woti akam'patse mnzakeyo, koma pobwerera anakumbukira kuti sanapangane tsiku lokumananso.

Apa ndiye pamene pali nkhani yanga, a Mkonzi. Usiku woti mawa lake banjalo lisamuka, mnyamatayo wagona, mtedza uli m'thumba. Akudzidzimuka akumva bambo ake, amene angobwera kuchokera kumudzi, akucheza ndi mayi ake. Akukamba za tsoka la banja la Yun: minda inagulitsidwa, nyumba yapita, ana aamuna awiri anamwalira kale ali aang'ono, ndipo tsopano kamtsikana kotsala kaja kapitanso, katadwala masiku ambiri popanda ndalama zokwanira zogulira mankhwala. Bamboyo akuwonjezera modabwa kuti kamwanako kanali kachilendo, chifukwa kasanamwalire kanapempha kuti akakaike m'manda ndi zovala zimene kanavalazo. Nkhani ya m'buku ikuthera pomwepo.

Bamboyo si munthu woipa. Ndi yemwe uja ananyamula nkhuku kukapereka ku banja la Yun pa mwambo wawo. Koma akunena za imfayi ngati nkhani ya kwa eni, osadziwa kuti namfedwa wagona m'chipinda chomwecho. Sakudziwa chifukwa chimene mwanayo anakanirira juziyo. Padziko lonse amene akudziwa tanthauzo la bangalo ndi mwana wake yemwe, ndipo mwanayo alibe womuuza. Kukacha adzamutuma kukadyetsa ng'ombe monga mwa masiku onse. Palibe adzam'pepese, chifukwa pa maliro amenewo iye si m'bale, si mnansi, alibe dzina.

Kwathu kuno timadziwa kulira maliro. Timagona pasiwa, timasonkha ufa ndi nkhuni, timakhazika pansi wamasiye n'kumulimbitsa mtima. Koma mwana timamuona ngati wosamva kanthu. Ambiri a ife tinakula tikuthamangitsidwa pa maliro, tikuuzidwa kuti uje wapita ku ulendo. Ngati wamwalirayo anali mnzake chabe wa kusukulu, ndiye sitiganizako n'komwe. Ndikukumbukira chaka china, nyengo ya dzinja, mtsikana wa m'kalasi langa anamwalira ndi malungo. Panali kamnyamata kamene kankakhala naye pafupi, ankagawana chimanga chokazinga pa buleki ndiponso ankabwererera limodzi chifukwa njira yawo inali imodzi. Sabata yotsatira kanabwera kusukulu, kanakhala pamalo pake, koma sikanalembe kanthu. Anzake ankakaseka kuti mkazi wako wafa. Kunyumba anati kayamba ulesi. Ndinapempha makolo ake kuti ndipite nako kwa mayi wa malemuyo kukapepesa, ndipo mayiyo atangokaona anakatchula dzina, nati mwana wanga ankakutchula tsiku lililonse. Pamenepo m'pamene kanalira, ndipo kanalira kwambiri. Poonera Sonagi ndinaganiza kuti Seok-i sanapeze ngakhale zimenezi.

Ndikudziwa zimene ena anganene. Adzati mayi inu, mukufuna kulimbikitsa zibwenzi pakati pa ana, pamene tikulimbana ndi mimba za atsikana a sukulu ndi maukwati a ana? Nkhawa imeneyo ndi yanganso. Ndinasangalala pamene dziko lathu linakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, mu lamulo la 2015 ndi pokonza malamulo aakulu a dziko mu 2017, ndipo ndatayapo ophunzira anzeru chifukwa cha mavuto amenewa. Koma kusokoneza zinthu ziwirizi ndi kumene kumatipweteka. Mwana wa zaka 11 akauza mayi ake kuti amakonda kuyenda ndi uje, n'kulandira mbama kapena kusekedwa pabwalo, waphunzira chinthu chimodzi: za mumtima sauza akulu. Ndiye tsiku limene munthu wamkulu wa zolinga zoipa adzayambe kumunyengerera ndi ndalama, mwanayo adzakhalanso chete, chifukwa tinamutseka pakamwa kalekale pa nkhani yosalakwa. Kholo limene linamvetsera za kamwala koyera ndi limene lidzauzidwe zoopsazo nthawi ikadalipo.

Chinanso chimene sindifuna kuti chiphonyedwe ndi umphawi. Anthu ambiri amakumbukira mvula ngati kuti ndi imene inapha mtsikanayo. Mwanayo anali wofooka kale, ndipo banja lake linali litagwa moti silikanatha kum'gulira mankhwala oyenera. Mlembi anabisa zimenezi m'mawu ochepa a bambo uja, ndipo ndikuona kuti anachita dala. Dzina loti Chosi linali ulemu wa munthu amene anapambana gawo loyamba la mayeso akale a boma, amene anathetsedwa mu 1894. Ulemu unatsala, chuma chinatha, ndipo amene analipira ndi mwana.

Ku Korea nkhaniyi sanailole kuti iiwalike. Kwa zaka zambiri yakhala ikuphunzitsidwa m'mabuku a sukulu, moti pafupifupi aliyense wa kumeneko amaidziwa. Amene munaonera The Classic ya mu 2003, ya Kwak Jae-yong, mukumbukira achinyamata awiri akubisala mvula pa kansanja kumudzi, mnyamata n'kubereka mtsikana. Gwero lake ndi lomweli. Hwang, amene anaphunzitsa zaka zambiri pa Kyung Hee University, anamwalira mu 2000, ndipo mu 2009 ku Yangpyeong, tauni ija banja la mtsikanayo linkati lisamukireko, anatsegula malo okumbukira zolemba zake otchedwa Sonagi Village. Manda ake ali komweko. Anaikako timisasa ta mapesi a mapira, ndipo nthawi zina amapopera madzi m'mwamba ngati mvula kuti ana odzacheza azithamangira m'timisasato. Kutauniko kwangotchulidwa pang'ono m'nkhani, koma eni dera anaona kuti n'chuma.

Filimuyo payokha ndi yodekha. Kamera imachedwa pa madzi, pa udzu, pa nkhope za anawo, ndipo mawu ndi ochepa. Wozolowera mafilimu othamanga akhoza kutopa m'mphindi zoyambirira, koma ndikupempha kuti apirire. Kuchedwako n'kumene kumakulowetsa m'masiku a mwana, amene tsiku limodzi losamuona mnzake limakhala lalitali kwambiri.

Pempho langa lili pawiri. Kwa anyamata amene mumamasulira mafilimu m'Chichewa: ntchito yanu yafikitsa nkhani za kutali kwa agogo ndi ana amene sadziwa Chingerezi, ndipo ndikukuyamikirani. Ngati mungapeze chilolezo cha eni ake, iganizireni iyi. Koma chonde musaikemo nthabwala za chikwati pa anawa, ndipo pofika pa zokamba za bambo uja usiku, nenani zimene akunena zokha basi. Kwa makolo ndi aphunzitsi: bungwe losunga mafilimu akale a dzikolo, Korean Film Archive, linaika mafilimu ambiri pa YouTube mwaulere, pa tsamba lotchedwa Korean Classic Film, okhala ndi mawu a Chingerezi pansi. Lembani The Shower 1978 pofufuza. Muyambe mwaonera nokha kuti muone ngati ikuyenera msinkhu wa ana anu, kenako muonere nawo, wodziwa Chingerezi azimasulira. Ikatha musafulumire kuwalangiza. Afunseni kuti mnzawo wapamtima kusukulu ndani, ndipo dzinalo mulisunge.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Zomba