Makompyuta a m'sukulu akutayidwa chifukwa cha kabatire

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule ndi akuluakulu a sukulu za kuno kum'mawa, makamaka zija zinalandira makompyuta akale ngati mphatso. Ine ndimakonza makompyuta muno mu Chipata, ndipo zimandiwawa kuona makina ataunjikidwa pakona ati anafa, pomwe chatha ndi kabatire kamodzi.

Mukayatsa kompyuta yotere imalemba kuti "CMOS battery failure" kapena "CMOS checksum error", n'kukuuzani mudine F1, tsiku litabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Pa intaneti masamba ambiri amakana kutseguka chifukwa tsikulo silikugwirizana ndi ziphaso zawo zachitetezo. M'kati muja muli kawotchi komwe kamayendabe ngakhale mwazimitsa, ndipo kamadalira kabatire ka CR2032, ka mavoti 3, kooneka ngati ndalama yachitsulo. Kompyuta ikakhala yosalumikiza ku magetsi holide yonse, kabatireko kamasenza ntchito kokha n'kutha msanga. Funsani kwa okonza mawotchi ku msika wa Kapata, n'kotchipa, ndipo mwana wa giredi 9 angathe kusintha.

Zovuta ndi zankhalamba zenizeni, za mitundu yakale ya makompyuta yotchedwa 386 ndi 486, zomwe ena akusungabe poti ndizo zimayendetsa makina awo akale. Zina mwa izo simupezamo kabatire kooneka ayi. Mupeza kabokosi kakuda ka miyendo yambiri kolembedwa Dallas DS1287 kapena DS12887. Opanga anatsekera batire m'kati mwenimweni, kuti likhale zaka pafupifupi 10, ndiye taganizani lero! Likatha, kompyuta imaiwala ngakhale mtundu wa disiki yake n'kukana kudzuka.

Ngati kabokosiko kakhala pa soketi, n'kungozula pang'onopang'ono n'kuikapo kena, kuyang'anitsitsa mbali ya mwendo woyamba. Ngati anakawotcherera pa bolodi, pamafunika dzanja lodekha: kusungunula miyendo yonse umodziumodzi, kenako kuwotchererapo soketi kuti mawa pasadzavutenso. Koma chenjerani pogula. Pamwamba pake pamakhala manambala anayi osonyeza chaka ndi sabata yomwe kanapangidwa, ndipo kambiri kogulitsidwa ngati katsopano kanakalambira pashelefu. Ine ndimakonda njira ina: kupala pulasitiki ya m'mbali mpaka tizitsulo ta batire tionekere, kudula lakufalo, n'kulumikizapo kachotengera ka CR2032. Sizioneka bwino, koma zimagwira ntchito, ndipo likadzathanso batire mwini wake amasintha yekha.

Mukatha zonsezi lowani mu BIOS (tsamba la zokonza lomwe mumalowamo kompyuta ikangoyaka), mukonze tsiku, nthawi ndi disiki.

Pempho langa kwa aphunzitsi a makompyuta ku Katete, Chadiza, Lundazi ndi kwina konse: musanalembe kuti makina afa, zulani pulagi, tsegulani, yesani batire. Lakalelo musaliponye pabwalo, chifukwa mwana wamng'ono akalimeza limawotcha kummero.

Wokonza makompyuta,
Chipata