Lipoti la msonkhano wokamba za mipingo ikuluikulu

Abusa, akulu a mpingo ndi nonse amene munandituma, ndabwerako bwino. Tinakhala masiku awiri, ndipo nkhani inali ya mipingo imene anthu ake amawerengedwa m'masauzande.

Wophunzitsa anayamba ndi muyeso. Ofufuza a ku Hartford Institute ku America amati mpingo ndi waukulu kwambiri ngati anthu 2,000 kapena kuposapo amasonkhana sabata iliyonse. Tidakali kugwira pakamwa, anatiuza kuti imeneyo ndi yaing'ono. Faith Tabernacle ya David Oyedepo ku Ota m'dziko la Nigeria, yotsegulidwa mu 1999, ili ndi mipando 50,000. Lakewood ya Joel Osteen ku Houston inasamukira mu 2005 m'bwalo limene timu ya Houston Rockets inkaseweramo basketball. Redeemed Christian Church of God ya Enoch Adeboye ili ndi njira ina: cholinga chake n'chakuti m'maiko osauka munthu apeze tchalitchi chawo atayenda wapansi mphindi zisanu zokha.

Koma chimene ndabwera nacho kwenikweni ndi nkhani ya Yoido Full Gospel Church ku Seoul, South Korea. David Yonggi Cho ndi mayi Choi Ja-shil, amene pambuyo pake anakhala apongozi ake, anauyamba mu 1958 ndi anthu owerengeka m'manja, kenako n'kumapemphera m'tenti. Mpingo utakula, Cho ankafuna kugwira yekha chilichonse, kulalikira, kubatiza, kuyendera odwala, mpaka thupi linakana, anakomoka. Ali chigonere ndiye anaganiza zogawa mzinda m'zigawo kuti anthu azikumana m'makomo timagulu tochepa. Abambo ambiri anazengereza kutsogolera, amayi ndi amene anaitola ntchitoyo. Pofika 2007 mpingowo unkati uli ndi mamembala oposa 800,000. Ine pamenepa ndinalemba ndi zilembo zazikulu m'kope mwanga: khamu lonselo linkagwirizika ndi mayi amene amadziwa kuti mwana wa uje wagonekedwa m'chipatala, ndipo uje sanaoneke masabata awiri.

Tsiku lachiwiri panabuka mkangano wa manambala. Ena amawerenga maina a m'kaundula, ena mitu ya anthu Lamulungu, ena amaphatikiza nthambi zonse ndi oonera pa intaneti. Mbusa wina wachikulire anafunsa ngati amene anasamuka kapena kumwalira amafufutidwa m'kaundulamo. Yankho la wophunzitsa linali lozungulira, ndiye manambala ndakupatsaniwa muwatenge podziwa kuti ambiri amachokera kwa eni ake mipingoyo.

Zakugwa nazo sanabise. Cho yemweyo khoti linamupeza wolakwa mu 2014 pa mlandu wa ndalama za mpingo. Crystal Cathedral ya Robert Schuller ku California inagwa ndi ngongole mu 2010, ndipo nyumba yake ya magalasi ija inagulidwa ndi dayosizi ya Katolika ya Orange. Brian Houston wa mpingo wa Hillsong ku Australia anatula pansi udindo mu 2022. Kunena mosapsatira, gawo limeneli linapatsidwa nthawi yochepa kwambiri, ola limodzi lokha, pamene mafunso anali ambiri.

Ndikupempha kuti komiti ikakumana ikambirane ziwiri: kuyesa timagulu ta m'makomo kwa miyezi ingapo ndi atsogoleri osankhidwa mosayang'ana kuti ndi bambo kapena mayi, komanso kuti mabuku a ndalama aziunikidwa ndi munthu amene sali pansi pa abusa. Kope langa ndalisiya kwa alembi, wofuna kuwerenga akalitenge kumeneko.