Kalata kwa Tadala pa za kafukufuku wa digiri yachiwiri

Mwana wanga Tadala,

Kuno tonse tili bwino, kaya iwe kumeneko ku Zomba. Mutu wa kafukufuku wako umene unanditumizira pa WhatsApp ndauwerenga, ndipo bambo ako anachita kundilanda foni kuti nawonso aone. Wasankha bwino kufufuza za maphunziro ophatikiza ana aulumali ndi anzawo m'kalasi imodzi. Ine digiri ndilibe, koma fumbi la choko ndalipuma mokwanira, ndiye undilole ndikuuze zimene ndikuona.

Ndaona kuti wayambira pa chikalata cha ku Salamanca cha 1994, chimene maboma 92 anagwirizana ku Spain kuti sukulu wamba zizilandira mwana aliyense. Usaiwale kuti chaka chomwecho kuno kwathu boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni. Tinkaphunzitsira pansi pa mitengo, ndipo boma linachita kulemba aphunzitsi ambirimbiri amene anali asanapite kukoleji. Mfundo ya ku Salamanca inatera m'makalasi odzadza chonchowo, ndipo mpaka lero sinapeze pokhala pabwino. Malamulo ndiye alipo: dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, tinakhala ndi lamulo la aulumali mu 2012, unduna unatulutsa ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ya 2017 mpaka 2021. Zimenezi uzilembe, koma usachedwe nazo. Aliyense amene anakutsogolera anazilemba kale.

Chimene sichinalembedwe mokwanira ndi zimene zimamuchitikira mwanayo kuyambira belu loyamba mpaka poweruka. Dzina lake likhoza kukhala mu rejisitala, thupi lake n'kukhala m'kalasi, ahedi n'kukuuza ndi mtima wonse kuti pasukulu pano sitisankha, koma mwanayo osaphunzira kanthu. Ukapeza mwana wosamva, upemphe kope lake. Nthawi zambiri limakhala laukhondo kuposa a anzake onse, chifukwa amakopera pabolodi chilembo ndi chilembo. Ndiye umulozere mawu amodzi, umufunse mwa chinenero chamanja kuti akutanthauza chiyani. Ambiri amangokuyang'ana. Mphunzitsi amalankhula atayang'ana kubolodi, milomo yake osaoneka, ndipo mwanayo amachongeredwa tsiku ndi tsiku mpaka Sitandade 4 asakudziwa kuwerenga. Mwana wachialubino naye umuone pomwe wakhala. Maso awo ambiri saona patali, buku amaligunditsa pamphuno, ndipo akamukhazika kumbuyo kapena pafupi ndi windo lowala ndiye kuti phunzirolo lamudutsa. Ukayendenso kuchimbudzi. Uyese ngati njinga ya mwana wosayenda ingalowe pakhomopo, ndipo ufunse kuti akafuna kudzithandiza amamunyamula ndani. Atsikana ena amasiyira pomwepo sukulu akatha msinkhu.

Zinthu zoterezi sungazione tsiku loyamba. Mlendo wa kuyunivesite akafika ndi kalata ya ku ofesi ya maphunziro, pabwalo amasesa, mwana waulumali amakhazikidwa kutsogolo, ndipo mphunzitsi amamuloza kaŵirikaŵiri. Si bodza ayi, ndi ulemu wathu kwa alendo. Uzipitabe mpaka akuzolowere, asiye kukupatsa mpando wa ahedi. Sukulu ziwiri kapena zitatu zimene wakhalitsamo zikupatsa zambiri kusiyana ndi mapepala a mafunso omwazidwa m'boma lonse, amene aphunzitsi amayankha mothamanga pa buleki.

Koma aphunzitsiwo usawalembe ngati anthu ouma mtima. Munthu ali ndi ana oposa 100 pansi, mabuku ochepa, ndipo za ana aulumali anangozimva pang'ono kukoleji. Aphunzitsi odziwa ntchitoyi amene amachokera ku koleji ya Montfort ku Nguludi ndi ochepa, ndipo mmodzi amayendera sukulu zingapo, mwina pa njinga yakapalasa. Uwafunse aphunzitsi wamba zimene anayesapo okha. Upeza wina amalemba zilembo zazikulu papepala la katoni, wina anasankha mnzake womuwerengera mwana wosaona. Nzeru zimenezo ndizo zoyenera kulowa m'buku lako, chifukwa mphunzitsi wina angathe kuzitengera mawa lomwe osadikira ndalama za mabungwe.

Pali funso limene ndikufuna usalithawe ngakhale aphunzitsi okuyang'anira akhale ndi maganizo awo. Sukulu zapadera monga ya osaona ya Chilanga ku Kasungu, ya osamva ya Mua ku Dedza kapena Maryview ku Nguludi, anthu ena amaziona ngati zachikale. Komatu mwana wosamva akafika kumeneko amapeza anzake olankhula nawo chinenero chimodzi, pamene kusukulu ya kumudzi amatha tsiku lonse osacheza ndi munthu. Wosaona naye amapeza womuphunzitsa braille, zilembo zowerenga ndi zala, ndi makina a Perkins olembera zilembozo. Sindikunena kuti ana azichotsedwa kwa makolo awo. Ndikuti ukafunse eni ake amene anadutsa njira zonse ziwirizi. A FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali), a MANAD (bungwe la osamva) ndi a Malawi Union of the Blind (bungwe la osaona) angakulozere anthu otere, ndipo zimene anene uzilembe ngakhale zitsutsane ndi zimene unayembekezera.

Za chilolezo usachite nazo chidule. Kalata ya komiti ya kuyunivesite yoona za kafukufuku ndi yofunika, koma mayi wa kumudzi akadinda chala papepala lachingerezi sindiye kuti wamvetsa. Umufotokozere m'Chichewa, umuuze poyera kuti sukubweretsa njinga, ndalama kapena thandizo la bungwe, chifukwa akangoona cholembera ndi kope ambiri amaganiza kuti ndi kalembera wa zolandira. Mwanayonso umufunse yekha ngati akufuna kucheza nawe, ndipo akakana umusiye. Pa ana achialubino usamale koposa. Ukudziwa zimene akhala akuchitiridwa m'dziko muno kuyambira 2014, ndiye dzina la mwana, la mudzi, ngakhale la sukulu lisaoneke paliponse, ndipo zithunzi zawo zisakhale m'foni mwako.

Ukamaliza kulemba, ukonze tsamba limodzi kapena awiri m'Chichewa, ubwerere nawo kusukuluzo, ukhale pansi ndi ahedi, a komiti ndi amayi a Mother Group, uwauze zimene unapeza. Ndalama ya ulendo umenewo uyiike padera panopa, isanathere ku fotokope.

Bambo ako akuti akutumizira kangachepe pa Airtel Money mwezi ukatha, ndipo ufa ndi mtedza ndipatsira achimwene ako akamabwera ku Zomba. Undiuze sukulu zimene wasankha, mwina mwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, a kumeneko muli amene ndinagwira nawo ntchito.

Ndine amayi ako.