Wobaya jakisoni pankhope azidziwanso chochita zinthu zikavuta

Akonzi,

Ndine namwino. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndakhala ndikugwira ntchito kuno ku Manchester kwa zaka zoposa khumi. Chandilembetsa kalatayi ndi uthenga umene mwana wa achemwali anga wa ku Lilongwe ananditumizira pa WhatsApp sabata yatha. Chinali chithunzi cha malonda: mayi wina wa saluni akuti amabaya majakisoni okulitsa milomo ndi ochotsa makwinya pachipumi, ndipo ukafuna amakupeza kunyumba. Pansi pake mwanayo analemba kuti, "Anti, kodi zimenezi n'zabwinobwino?"

Nditangoona, mtima unabwerera ku usiku wina wa chaka chathachi. Mnzanga amene timaimba naye kwaya anandiimbira foni cha m'ma 10 koloko, mawu akunjenjemera. Masana a tsikulo anali atabayitsa mankhwala okulitsa milomo otchedwa filler kwa mayi amene amamukonza zikhadabo ndi nsidze, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ina. Ndinamupeza atakhala pamphepete pa bedi, atagwira kathumba ka ayisi pakamwa. Nditachotsa kathumbako ndinaona kuti mlomo wam'mwamba, mbali ya kumanzere, watuwa ngati wapakidwa phulusa, ndipo timawanga tonga ukonde takwera kuchokera pamlomopo mpaka m'mbali mwa mphuno. Ndinadinapo ndi chala n'kuchotsa. Magazi sanabwerere. Iye ankangoti, "Pakuwotcha, mnzanga, pakuwotcha ngati moto."

Anandionetsa mauthenga a pafoni. Atadandaula madzulo, womubayayo anamuyankha kuti n'kutupa chabe, aikepo ayisi, mawa kudzacha ali bwino. Kenako foni inasiya kuyankhidwa. Sindikukhulupirira kuti mayi uja anali woipa mtima. Sankadziwa chimene akuona, ndipo malangizo ake ankawonjezera vuto, chifukwa kuzizira kumafinya mitsempha imene inali kale ikulephera kudutsitsa magazi.

Ndifotokoze chimene chinachitika, poti ambiri amaganiza kuti filler ndi ngati mafuta odzola. Ndi phala lolimbirako, kawirikawiri la hyaluronic acid, limene amalilowetsa pansi pa khungu ndi singano. Tsono nkhope ili ndi mtsempha wa magazi umene umakwera kuchokera kunsagwada, kudutsa pafupi ndi ngodya ya pakamwa, n'kugawa nthambi zopita kumilomo, kenako n'kukwera m'mbali mwa mphuno mpaka pakona ya diso, pomwe umalumikizana ndi mitsempha ya m'diso. Njira yake simafanana ndendende mwa anthu onse. Singano ikalowa mumtsemphamo, phala lija limatseka njira ngati chitsekerero, ndipo mnofu umene umadalira magaziwo umayamba kufa. Likafika kumtsempha wa diso, munthu amasiya kuona nthawi yomweyo, ndipo nthawi zambiri diso silibwereranso. Onjezani kuti pa ife akhungu lakuda zizindikirozi sizionekera msanga ngati pa mzungu, pomwe zithunzi zambiri zophunzitsira zimakhala za azungu.

Mankhwala osungunula phalalo alipo, dzina lake hyaluronidase, koma amafunika kubayidwa m'maola oyambirira. Kuno amaperekedwa pokhapokha atalemba munthu wololedwa kulemba mankhwala, ndiye mayi wa zikhadabo uja analibe. Tinathamangira kuchipatala, ndipo kusanache anali atamubaya mobwerezabwereza mpaka mtundu wa mlomo unayamba kubwerera. Mlomo unapulumuka. Pambali pa mphuno panatsala chipsera chimene amachibisa ndi paudala Lamulungu lililonse.

Ena anganene kuti ndiye ntchitoyi azigwira madokotala okha. Ine sindikunena choncho, ndipo Mmalawi aliyense akudziwa chifukwa chake. M'zipatala zathu za m'maboma, amene amachita maopaleshoni ambiri a amayi oyembekezera ndi ma clinical officer. Mwana wanga woyamba anabadwira m'manja mwa mmodzi wa iwo, ndipo ndimathokoza mpaka lero. Si dokotala, koma anaphunzira thupi la munthu kwa zaka, anagwira ntchito moyang'aniridwa, dzina lake lili m'kaundula wa Medical Council of Malawi, ndipo akalakwitsa pali poti ukadandaule. Magazi akayamba kutayika amadziwa chochita. Ngozi ya mtsempha wa pankhope imagweranso akatswiri a khungu. Kusiyana kwake n'koti iwo amaizindikira singano idakali m'manja, amasiya pomwepo, ndipo mankhwala osungunulira amakhala mukabati ya pafupi.

Komanso yunifolomu yoyera payokha si umboni. Ine ndabaya majakisoni osawerengeka, pamkono, pathako, mumtsempha, ana ndi akulu omwe. Koma mutandipatsa filler lero kuti ndibaye mlomo wanu ndingakane, chifukwa sindinaphunzire ntchito imeneyo. Namwino kapena dokotala amene wangochita kosi ya Loweruka limodzi n'kuyamba kubaya nkhope za anthu nayenso akusewera ndi maso a anzake.

Musaganize kuti kuno ku Mangalande zinthu zili m'malo mwake. Kwa zaka zambiri filler wakhala akugulidwa pa intaneti ndi wina aliyense, ndipo pali makosi a tsiku limodzi kapena awiri amene amapereka satifiketi yokongola yopachika pakhoma. Kale mu 2013, lipoti la boma limene dokotala wamkulu Sir Bruce Keogh anatsogolera linanena kuti munthu wobayitsa zinthu zimenezi alibe chitetezo choposa cha munthu wogula bolopeni kapena mswachi. Panadutsa zaka zisanu ndi zitatu kuti mu 2021 pabwere lamulo loletsa kubaya Botox (jakisoni wochotsa makwinya uja) ndi filler ana osakwana zaka 18 ku England. Boma linadzalengeza mu Ogasiti 2025 kuti likhazikitsa ziphaso za ogwira ntchitoyi, anthu atavulala kale ambiri.

Chaka chomwecho tinaona zimene Botox angachite. Anthu amamutchula ngati dzina la sopo, chonsecho amapangidwa kuchokera ku poizoni wa bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, mmodzi mwa mapoizoni amphamvu kwambiri amene amadziwika. Pamlingo wochepetsetsa amafooketsa kamnofu kamene kamakwinyitsa chipumi, ndipo pakatha miyezi itatu kapena inayi mphamvu yake imatha. Akakhala wachinyengo kapena akachuluka, amafalikira m'thupi. Pakati pa 4 Juni ndi 14 Julayi 2025, bungwe la UK Health Security Agency linapeza anthu 38 ku England amene anadwala botulism atabayidwa majakisoni okongoletsa, ndipo ofufuza analoza chala mankhwala opanda chilolezo. Zikope zimagwa, munthu amaona zinthu ziwiriziwiri, lilime limalemera, kumeza kumakanika, ndipo ena amafika posowa makina owathandiza kupuma. Tangoganizani zimenezo zitamuchitikira munthu kwathu, komwe mabedi a odwala mwakayakaya ndi owerengeka ngakhale pazipatala zazikulu.

Nkhani ina imene imandiwawa ndi ya ku Albuquerque, m'chigawo cha New Mexico ku America. Malo ena opanda chiphaso okongoletserako anthu ankatenga magazi a kasitomala, kuwasefa, n'kuwabayanso pankhope ndi timasingano. Malowo anatsekedwa mu 2018. Oyendera anapeza timabotolo ta magazi topanda maina pathebulo la kukhitchini, tina mufiriji limodzi ndi zakudya. Mu 2024 bungwe la zaumoyo la boma la America, CDC, linanena kuti zikuoneka kuti amayi atatu anatengera HIV kumeneko. Ife amene tinaika abale m'manda zaka za m'ma 1990 sitifunika kuuzidwa tanthauzo la singano yogwiritsidwa ntchito kawiri. Ndili mwana, m'mudzi mwathu munkabwera bambo wina wa njinga, singano zake m'kachitini, amene ankabaya aliyense wodandaula malungo kapena msana. Anthu ankamutcha adokotala. Azakhali anga anatuluka chithupsa pathako chimene chinawagoneka chafufumimba mwezi wathunthu. Wa masiku ano ali ndi tsamba la pa Facebook ndi magolovesi okongola, koma ndikamuyang'ana ndimaona kachitini komwe kaja, kungoti tsopano singano yalunjika pafupi ndi diso.

Ndikupempha a Medical Council of Malawi, a Nurses and Midwives Council of Malawi ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority kuti asadikire zaka khumi ngati kuno. Auzeni anthu poyera, m'Chichewa, pawailesi, amene ali wololedwa kubaya majakisoni amenewa ndi malo amene angabayirepo. Lowani m'masaluni mukaone zimene zili m'mafiriji. Botox weniweni amasungidwa pozizira pa madigiri 2 mpaka 8, ndiye funsani kuti botolo limene labwera m'chikwama pabasi kuchokera ku Johannesburg, n'kukhala mufiriji yozimazima ndi magetsi athu aja, lidakali chiyani. Amayi a saluni ndimawalemekeza, amadyetsa mabanja ndi manja awo, koma lumo la tsitsi ndi singano yolowa pansi pa khungu si ntchito imodzi.

Mwana wa achemwali uja sindinamukalipire. Kufuna kuoneka bwino si tchimo, ndipo ndikudziwa kuti ndikanangoti usapite, akanapita mobisa. Ndinamuuza kuti safunsa anadya phula, ayambe wamufunsa mayiyo zinthu izi: dzina lake lili m'kaundula wa bungwe liti, nambala yake ndi chiyani, botolo angamuonetse lisanatsegulidwe, dzina la mankhwala ndi tsiku lothera ntchito zikuoneka, mlomo ukayamba kutuwa ali ndi hyaluronidase pamalopo, nanga zikavuta pakati pa usiku amuimbira ndani. Anafunsadi Lachiwiri. Funso loyamba anayankhidwa kuti satifiketi ilipo ya kunja. Atafika pa la hyaluronidase, mayiyo anamufunsa kuti chimenecho n'chiyani.

Ine wanu,
Namwino wa ku Ntcheu,
Manchester