Lipoti la msonkhano wa ku Chipata, nkhani ya fangasi ndi maluwa

Amayi ndi abambo a mu kalabu yathu, ndabwerako ku Chipata kuja munandituma. Basi inachedwa ndiye ndinapeza ayamba kale, koma nkhani yaikulu ndinaipeza.

Mphunzitsi anayamba ndi papaya, kuti tonse timadziwa wamwamuna ndi wamkazi. Kenaka anationetsa zithunzi za kaduwa koyera ka ku Europe, Silene latifolia, nakonso kali choncho, kaakazi XX kaamuna XY (zizindikiro za mkati mwa thupi zosiyanitsa mkazi ndi mwamuna) ngati ife anthu. Ndiye pali fangasi, kachilombo ka mtundu wa nkhungu, dzina lake Microbotryum, akalowa mu kamtengo kaakazi duwa limayamba kumera ziwalo zachimuna zomwe pa duwa laakazi zimangoyamba pang'ono n'kusiya, koma mmalo mwa mungu mumadzaza fumbi lakuda la fangasiyo ndipo mbewu sizibereka. Agulugufe ausiku akabwera kudzamwa timadzi totsekemera amanyamula fumbilo kupita nalo pa duwa lina. Kamtengoko kamakhalabe XX, chomwe fangasi wachita ndi kudzutsa majini ena omwe anali gone. Atati majini amayi ena anagwira pakamwa, mpaka anafotokoza kuti si a ziwanda ayi, ndi malangizo a mkati mwa mbewu onena kuti apa pamere chakuti.

Ine ndinali kudzifunsa kuti kaduwa ka azungu katithandiza chani kuno, mpaka anafika pa chimanga. Head smut, nthenda ija ya ufa wakuda, nayonso ndi fangasi woononga maluwa, ndipo imagwiranso mapira. Imalowa chimanga chikadali kamera kuchokera m'dothi, imakhala phee mpaka nthawi yomasula, ndiye ngayaye kapena chisononkho chimasanduka thumba la ufa wakuda, nthawi zina pangayaye pamatuluka timasamba mmalo mwa maluwa. Ndinakumbukira phesi lija la kudimba kwanga chaka chatha, ndinaligwedeza ndi dzanja ufa n'kuti mbuu pa malaya, kenaka ndinangoliponya mumzere. Kumeneko kunali kubzala matenda ndekha, chifukwa fumbilo limakhala m'dothi zaka zingapo.

Ndiye anati tikaona phesi lotere tizule lisanaphulike, tiike mu saka, tikatenthe kutali ndi munda. Mbewu tigule yothiridwa mankhwala, ndipo munda wogwidwa tibzalemo nshawa kapena soya kaye. Mapepala omwe anatipatsa ndibwera nawo Loweruka, pamodzi ndi chenji ya thiransipoti ya a msungichuma.