Mbendera ya California inasintha mu 1822, koma minda inapita kwa yani?

Akonzi,

Zikomo pondipatsa danga m'nyuzipepala yathuyi. Dzina la California limamveka kawirikawiri m'nkhani zakunja, ndipo ambiri timangolidziwa ngati chigawo cholemera cha dziko la America, pomwe ena amene anawerengako mbiri amawonjezera kuti America inalanda chigawochi kwa Mexico pa nkhondo imene inayamba mu 1846. Zimenezo n'zoona, koma pali zaka zimene zimadumphidwa, zomwe chigawochi, chimene panthawiyo chinkatchedwa Alta California, chinachoka m'manja mwa mfumu ya Spain n'kulowa pansi pa boma la Mexico. Ndiloleni ndifotokozeko za nthawi imeneyo, chifukwa anthu amene anataya zambiri pa kusinthako, omwe ndi eni nthaka, ndi amenenso satchulidwa kwenikweni.

Spain inakhazikika ku Alta California mochedwa, mu 1769, pamene Gaspar de Portolá ndi wansembe Junípero Serra anafika ku San Diego. Ulamuliro wake unatsamira pa malinga anayi a asilikali, a ku San Diego, Monterey, San Francisco ndi Santa Barbara, komanso pa mamishoni a ansembe a chipani cha Fransisko Woyera, amene pomalizira pake anakwana 21. Mishoni sinali tchalitchi chabe ayi. Inali ndi minda ya tirigu ndi chimanga, ng'ombe ndi nkhosa zambirimbiri, malo oombera nsalu ndi ofufutira zikopa, ndipo ntchito yonseyo ankaigwira anali eni nthaka obatizidwa, amitundu monga Chumash, Ohlone ndi Kumeyaay. Munthu akangobatizidwa sankaloledwa kuchoka popanda chilolezo cha ansembe, ndipo wothawa ankasakidwa ndi asilikali. Matenda obwera ndi alendo, monga chikuku ndi chindoko, ankapulula anthu m'mamishonimo, makamaka ana. Pofika cha m'ma 1820, m'mamishoni munali anthu oposa 20,000, pamene asilikali, atsamunda ndi mabanja awo anali ongopitirira pang'ono 3,000.

Nkhondo yomenyera ufulu wa Mexico, imene wansembe Miguel Hidalgo anaiyambitsa ku Dolores mu Seputembala 1810, sinamenyedwe ku California, koma chigawochi chinaimva kuwawa kwake. Zombo zimene zinkachokera ku doko la San Blas ku Mexico zitanyamula malipiro, zovala ndi zida za asilikali zinasiya kufika monga kale, ndipo asilikali anakhala zaka zambiri osalandira kanthu. Bwanamkubwa anatembenukira ku mamishoni kuti ndiwo adyetse ndi kuveka asilikali, n'kumawapatsa ansembe zikalata zangongole zimene boma silinabweze. Kunena mosapita m'mbali, amene ankasenza boma la mfumu m'chigawomo anali wolima ndi woweta wa pamishoni. Kufooka kwa Spain kunaonekera poyera mu Novembala 1818, pamene Hippolyte Bouchard, yemwe ankayenda ndi mbendera ya dziko limene lero ndi Argentina, anafika ndi zombo ziwiri n'kutentha Monterey, likulu la chigawocho, bwanamkubwa Pablo Vicente de Solá atathawira kumtunda ndi anthu ake.

N'chifukwa chake tsiku losintha boma litafika panalibe amene anakhetsa magazi poteteza mfumu. Agustín de Iturbide, mtsogoleri wa asilikali omenyera ufulu, analowa mu Mexico City pa 27 Seputembala 1821, koma uthenga wotsimikizika unafika ku Monterey patapita miyezi, m'chaka chotsatira. Solá, amene anali mbadwa ya ku Spain ndipo sankaukonda ufuluwo, anaitanitsa akuluakulu a asilikali ndi ansembe, ndipo mu Epulo 1822 onse analumbira kuti adzamvera boma latsopano. Chakumapeto kwa chakacho kunabwera nthumwi ya boma, wansembe Agustín Fernández de San Vicente, kunakhazikitsidwa kabungwe ka aphungu a m'chigawo, ndipo Luis Antonio Argüello anakhala bwanamkubwa woyamba wobadwira m'California momwemo. Asilikali anali omwewo, ansembe omwewo, ndipo wogwira khasu anali yemweyo.

Chimene chinasintha msanga ndi malonda. Spain inkaletsa kugulitsana ndi zombo za mayiko ena, ngakhale kuti malonda ozembetsa ankachitika ndithu, koma Mexico inatsegula madoko. M'chaka chomwecho cha 1822, William Hartnell wa ku Britain ndi mnzake anagwirizana ndi mamishoni zogula zikopa ndi mafuta a ng'ombe, ndipo posakhalitsa zombo za ku Boston zinadzaza gombelo. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuimvetsa, chifukwa kuyambira pamenepo ng'ombe ndi malo odyetsera ziweto zinasanduka ndalama, ndipo mabanja a asilikali, amene anakhala zaka ali osauka pafupi ndi mamishoni olemera, anayamba kuyang'ana chumacho ndi diso lina.

Papepala, eni nthaka anali atalonjezedwa zazikulu. Chikalata cha Iguala cha mu Febuluwale 1821, momwe Iturbide analengeza ufulu wa Mexico, chinanena kuti onse okhala m'dzikomo ndi nzika, posayang'ana kuti ndi ochokera ku Ulaya, ku Africa kapena eni nthaka. Komabe mu Febuluwale 1824, patatha zaka pafupifupi ziwiri mbendera itasintha, msilikali anakwapula munthu wamtundu wa Chumash pamishoni ya Santa Inés, ndipo mkwiyo umene unaunjikana kwa zaka zodyetsa asilikali popanda malipiro unaphulika. Kuukirako kunafalikira ku La Purísima ndi ku Santa Barbara. Anthu a ku La Purísima anagwira mishoniyo pafupifupi mwezi wathunthu kufikira asilikali ochokera ku Monterey atawagonjetsa, ndipo ena mwa iwo anaweruzidwa kuti aphedwe, pamene a ku Santa Barbara anathawira kumadambo a kumtunda. Amenewa anali nzika za Mexico, ndipo amene anawathira nkhondo anali asilikali a Mexico.

Malamulo oyendetsera dziko a mu 1824 sanapatse Alta California mphamvu zodzilamulira ngati zigawo zina, koma anaisiya pansi pa boma lalikulu, limene linkatumiza abwanamkubwa kuchokera kutali popanda ndalama zokwanira. Ansembe ena ochokera ku Spain, monga Vicente Francisco de Sarría, anakana kulumbirira malamulowo. Bwanamkubwa José María de Echeandía analengeza mu 1826 kuti ena mwa anthu a m'mamishoni akhoza kuchoka, ndipo mu 1829 asilikali a ku Monterey anaukira chifukwa cha malipiro.

Kusintha kwenikweni kunadza ndi lamulo la pa 17 Ogasiti 1833, pa nthawi imene Valentín Gómez Farías ankatsogolera boma la Mexico, lochotsa mamishoni m'manja mwa ansembe a chipani. Maganizo amenewa sanali achilendo, pakuti ngakhale m'malamulo a Spain ansembe ankangosunga malo m'malo mwa eni nthaka, ndipo ankayenera kudzawabwezera mishoni ikasanduka mudzi wamba. Mu 1834 bwanamkubwa José Figueroa anatulutsa ndondomeko yakuti banja lililonse la pamishoni lilandire munda wake, ndi kuti theka la ziweto, zipangizo ndi mbewu zigawidwe kwa anthuwo, zotsalazo ziyang'aniridwe ndi munthu woikidwa ndi boma. Vuto linagona pa oyang'anirawo, chifukwa ankasankhidwa m'mabanja omwe aja amene ankasirira chumacho. Figueroa anamwalira mu 1835, ndipo panalibenso wowaletsa. Ng'ombe zinatha, minda yambiri yolonjezedwa sinapimidwe n'komwe, ndipo amene analandira kanthu anakataya msanga kwa anthu ochenjera odziwa kulemba zikalata. Pa nthawi yonse ya Spain, malo aakulu operekedwa kwa anthu paokha anali pafupifupi makumi atatu okha, koma pansi pa Mexico anafika mazana angapo, ambiri a iwo ataperekedwa pambuyo pa 1834. Mkulu wa asilikali Mariano Guadalupe Vallejo, amene anapatsidwa udindo wothetsa mishoni ya ku Sonoma, anadzakhala ndi malo a ku Petaluma okwana maekala pafupifupi 66,000, ndipo ogwira ntchito ake ambiri anali eni nthaka. Malipiro a anthu otere kawirikawiri anali chakudya, chovala ndi pogona pamalo amene makolo awo anabadwira. Owerenga amene anamva kwa agogo awo za thangata sadzavutika kumvetsa moyo umenewo.

Sindikunena kuti mamishoni akanangopitirira. Malo amene munthu wamkulu sangachokepo popanda chilolezo, ndiponso amene maliro ankachuluka kuposa ana obadwa, anayenera kutha, ndipo andale a ku Mexico amene anafuna kuwathetsa anali ndi mfundo yabwino. Tisaiwalenso kuti boma la Mexico linali losauka, lodzaza ndi mikangano, ndipo mu 1829 linali likulimbanabe ndi asilikali a Spain ku doko lake la Tampico. Koma zimenezi sizichotsa mlandu. Boma limene likulamula kuti chuma chigawidwe, n'kusiya ntchito yogawayo m'manja mwa anthu amene adzapindule chikapanda kugawidwa, lasankha kale wopambana, ngakhale lamulo lake litalembedwa bwino chotani. Anthu ochepa kwambiri, monga Lope Yñigo wamtundu wa Ohlone amene anapatsidwa malo mu 1844, anakwanitsa kupeza chikalata cha malo m'dzina lawo.

Bwanamkubwa womaliza wa Mexico, Pío Pico, anagulitsa zotsalira za mamishoni mu 1845 ndi 1846, ndipo pa 7 Julayi 1846 asilikali apamadzi a America anakweza mbendera yawo ku Monterey. America itakhazikitsa bungwe lounika za umwini wa malo mu 1851, umboni umene unkafunika unali wakuti malowo anaperekedwa ndi boma la Spain kapena la Mexico. Zikalata zopempha malo zimene bungwelo linalandira zinaposa 800, ndipo zambiri zinachokera kwa mabanja amene anapindula pambuyo pa 1834 kapena kwa amene anawagula malowo. Pafupifupi anthu onse amene anaumba njerwa za mamishoni ndi kuweta ng'ombe zija analibe chikalata choonetsa.

Ine wowerenga wanu,
Zomba